Mizere Isanu Imene Aiyaran Anafufuta

M'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Kaveri, khoma la kachisi wa mulungu Siva ndilo linali mboni pa milandu yonse. Za minda, za ngalande, za amene anapereka mafuta a nyale, makolo anazisema pamwala, ndipo mwala sunkadziwa kukondera.

Aiyaran, mwini minda ya mpunga ya kummawa, ankadana nalo khomalo. Chilimwe chilichonse madzi akachepa, alimi a kumunsi ankatseka ngalande yake tsiku lachitatu kuti madzi atsikire kwao, akumulozera mizere isanu ya pafupi ndi khomo. Chaka china mpunga wake unayamba kufiira, mtima wake nuwira ngati phala.

M'mawa wina anapeza Sattan, mmisiri wosema miyala, akunola zitsulo zake pabwalo la kachisi.

"Sattan, mizere ija uifufute lero."

"Bambo, manja anga amalemba, safufuta," anayankha mkuluyo osadzutsa mutu. "Komanso zilembo zakalezo inu simuziwerenga. Khalani pansi ndikuwerengereni kaye."

"Undiphunzitse iwe, wodya fumbi? Ndikudziwa zimene zikunena. Zikunena kuti ndife ndi njala!"

"Ndiye gwirani nokha nyundo. Ine pamenepo mulungu akundiona."

Aiyaran anatsomphola nyundo ndi chitsulo. Wansembe anatuluka akukuwa, amayi ogulitsa maluwa anagwira pakamwa, koma iye anangoti gogodo gogodo mpaka dzuwa kufika paliwombo, thukuta lili kamukamu. Atatha, pamwalapo panali see ngati chikhatho.

"Aloze tsopano!" anatero, n'kuponya nyundo kumapazi kwa Sattan.

Chaka chimenecho anathirira mmene anafunira, ndipo anakolola mpaka nkhokwe kusefukira. Poyenda ankachita kukankha mphepo ndi chifuwa.

Nyengo ya mvula itadutsa kawiri, kunabwera nduna za mfumu zoyeza minda, zingwe zili paphewa. Munda uliwonse unkafunika mboni yake pakhoma. Atafika kummawa, mkulu wa ndunazo anafunsa, "Uwu ndi wa yani?"

"Wanga. Agogo anga anapatsidwa ndi kachisi."

"Palembedwa pati?"

Aiyaran anazungulira kachisi katatu, wansembe akumuwerengera mzere ndi mzere. Dzina la agogo ake silinapezeke. Anatembenukira kwa Sattan.

"Achimwene, inu mumadziwa khoma lonseli. Tawauzani."

"Ndiwauza zoona," anatero Sattan. "Mizere iwiri inali ya madzi a alimi a kumunsi. Itatu yotsalayo inkati munda wa kummawa ndi wa agogo anu ndi zidzukulu zawo, malinga ngati agawana madziwo. Koma pakamwa panga si mwala, bambo. Nduna sizilemba za m'mutu mwa wodya fumbi."

Mundawo unabwerera kwa kachisi tsiku lomwelo. Aiyaran anakalima monga wobwereka, ndipo malo amene anamupatsa anali kumunsi, kumene madzi amafika tsiku lachitatu.

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.