Zotolatola za Make Mapasa

Make mapasa anali atangoviika matewera m'beseni pamene foni inalira pawindo. Anaikola ndi zala ziwiri, thovu likutsikira m'chigongono.

"Asisi, pulogalamu yanu yafa," anatero Magalasi, mnzake wa kuntchito. "Makasitomala akuimba ngati kwagwa maliro. Abwana angoti ndwii."

Pulogalamuyo ndi imene inkamudyetsa. Inkatsegula tsamba la pa intaneti, n'kutaya zotsatsa malonda ndi zinyalala zina, n'kusiya nkhani yokhayokha. Makampani ena ankailowetsa m'mapulogalamu awo. Poti inkayenda bwino, abwana anamulola kugwirira ntchito kunyumba, ana ali pamiyendo. Koma ananeneratu kuti ikadzangotsokomola, abwerere ku ofesi.

Tsono mayi woyamwitsa awiri nthawi aipeza kuti? Pa intaneti pali tizidutswa ta mapulogalamu timene anthu ena analemba n'kusiya poyera kuti wofuna atenge. Iye ankangotola. Kena kowerenga madeti, kena kowongola zilembo zopotoka, kena kongochotsa mipata kumapeto kwa mizere. Akaona katsopano konyezimira, nakonso m'thumba.

"Asisi, tinati mukanangolemba nokha," Magalasi ankatero. "Eni ake mumawadziwa?"

"Iwe, ukabereke kaye ndiye udzandiphunzitse. Zaulere zimaluma?"

Zinamuluma. Kamadeti kaja nakonso kanali katatsamira pa kena, kenako pa kenanso, ndipo munthu wa kumapeto kwa chingwecho, woti sanamuonepo n'komwe, anatopa n'kufufuta zake. Njerwa yapansi itachoka, khoma lonse linatsatira.

Anapukuta manja pa siketi, n'kukankha mbale patebulo kuti laputopu ipeze malo. Apongozi ake anabwera kudzagwirako ana.

"Ntchito yongodinadinayi imaliritsanso munthu?" anafunsa, mwana wina ali kumsana, wina m'manja.

"Amayi, ndigwirireni okhawo. Zinazi musandifunse."

Anayamba kuunguza zotolatola zake, kalikonse akukafunsa kuti, iwe m'nyumba muno umagwira chiyani? Manyazi anamugwira. Tina sitinkagwira kanthu, tinangolowa chifukwa tsiku lina tinamukomera m'maso. Tina tinkachita ntchito imodzimodzi tiwiritiwiri. Kena kanabwera ndi abale ake mtolo wonse chifukwa cha kantchito koti iye akanakalemba yekha tiyi asanazizire. Anazula, nalemba zake, nayesa, nazulanso. Anasiya zochepa zokha, zolemera zimene sakanatha yekha, zomwenso eni ake ankazisamalirabe.

Zinamutengera masiku. Pulogalamu inadzuka yopepuka, yothamanga kuposa kale. Ndipo abwana anaimba.

"Mwaigwira ntchito, mayi, sindikana. Koma kasitomala wathu wamkulu sanadikire, wapita. Lolemba tikuoneni ku ofesi."

"Bwana, anawa akadali oyamwa."

"Ndikudziwa. Koma tinapangana."

Make mapasa anayang'ana tiana take titagona chopingasana pamphasa, n'kuyamba kuganiza za woti adzatisiyire. Sanali waulesi mayiyu, ayi. Anali wotopa, ndipo wotopa chilichonse chomupeputsa lero chimaoneka chokoma.

Beseni linali litadzazanso. Anathira madzi, nagwada, nafinya thewera loyamba. Asanafike pa lachiwiri, mmodzi wa mapasa anayamba kulira. Mayiyo anangopukusa mutu, manja ali m'thovu. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada.