Chigumbu cha Dzoole ndi Malangizo a Tonde

Kalekale, makasu akadali osula pamanja, pamudzi wina padali mkamwini dzina lake Dzoole.

Dzoole sadali mmisiri wa zitsulo ayi. Kusula mipeni chidali chokonda cha mtima wake basi. Anzake ankakonda bawo, ena mowa. Iye ankakonda kachipala kake kuseri kwa nkhokwe. Kusiyana kwake kudali kumodzi: anzakewo ankayamba alima kaye.

Tsiku lina adatola khasu lakutha la apongozi ake aakazi. Adaliotcha, adalisula, adalinola. Mudatuluka mpeni, wometa ndi ndevu zomwe. Pamenepo ndisamunamizire, luso adali nalo.

Kudatsala chigumbu, kogwirira kuja. Adakadula mlombwa kuphiri, nasema. Adapala ndi phale. Adakwecha ndi mchenga. Adadzoza mafuta a nsatsi, napukuta ndi kachikopa.

Pala, kwecha, dzoza, pukuta.

Mvula idagwa, anthu adadzala. Dzoole ali pala, kwecha, dzoza, pukuta. Anthu adapalira, adabandira. M'munda mwa Dzoole nkhwali zidaikiramo mazira.

Mkazi wake, Nachisale, ankadula nkhwani ndi bango.

"Bambo, bwerekeniko mpeni uja ndidulire ndiwo."

"Ndi manja a phulusawo? Chigumbu sichinathe."

Apongozi aakazi zidawakwana. Koma mwambo ndi mwambo, mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Tsono ankangokalipira galu.

"Galu iwe! Kudya ndiye umakudziwa. Anzako amagwirako ngakhale mbewa!"

Dzoole, ali kuseri kuja, ankavomereza. "Akunena zoona amayi. Galu ameneyu ndi waulesi."

Kenaka kudabwera uthenga: atsibweni ake a Nachisale akubwera kudzamva nkhani ya mkamwini wosalima. Masiku amenewo atsibweni akati ukwati watha, udatha basi.

Nachisale mtima udamuwawa. Ankamukonda mwamuna wakeyo, ndi ulesi wake womwewo. Chifukwa chake musandifunse.

"Bambo, akukuthamangitsani pamudzi pano," adatero. "Iphani tonde wanu uja, tiwambiretu nyama. Atsibweni akadya, adzaona kuti pakhomo pano pali mwamuna. Pakamwa podzaza nyama sipatuluka mawu owawa."

Dzoole adatenga mpeni, napita pamtengo pamene ankamangirira tonde, mbuzi yake imodzi yomweyo.

Tonde adayang'ana mpeni, adayang'ana Dzoole.

"Mbuyanga, kufa sindikukana. Mbuzi idabadwira mpeni. Koma tandionetsani kaye chondiphacho."

Dzoole adamuonetsa.

"Ha! Uwu si mlombwa uwu? Taonani kufiira kwake! Mwapanga nokha?"

"Ndekha."

"Manja awa ndi a munthu. Koma pepani, apa pafupi ndi chitsulo pakukhakhala pang'ono. Ndikafike kwa makolo anga ndikati ndaphedwa ndi chigumbu chokhakhala?"

Dzoole misozi idalengeza. Chiyambire, padalibe ndi mmodzi yemwe adachiyang'anapo chigumbu chakecho. Lero wapezeka.

"Mudzi wonse uno," adatero, "wodziwa zinthu ndiwe wekha."

Adabwerera kuseri kwa nkhokwe. Pala, kwecha, dzoza, pukuta.

"Nyama ili kuti, bambo?"

"Mawa."

M'mawa mwake adapitanso. Tonde adanunkhiza chigumbu, napukusa mutu.

"Kusalala kwasalala. Koma mtengowu ukadali ndi ludzu. Mafuta mwaumira."

Dzoole adakatenga nsupa ya mafuta a nsatsi a mkazi wake, odzola aja, naikhuthula yonse. Dzoza, pukuta. Dzoza, pukuta. Nachisale miyendo idatuwa mbuu, koma chigumbu chidali waliwali.

Adapitanso. Tonde adapendeketsa mutu.

"Mwatsala pang'ono, mbuyanga. Chigumbu chenicheni, ntchentche ikaterapo iziterereka."

Dzoole adakhala padzuwa kudikira ntchentche. Idatera, idaima bwinobwino, idapukuta ndi kumaso komwe. Dzoole adapsa mtima, nakapempha mafuta ena kwa anansi.

Masiku sadikira chigumbu. Atsibweni adafika.

Adawayalira mphasa pabwalo. Abale adasonkhana. Madzi adawira mumphika mpaka kuphwa, adathira ena. Ndiwo ija idali ikubzikula pansi pa mtengo.

Nachisale adapita kuseri kwa nkhokwe, nagwada.

"Bambo, ndagwira mwendo wanu. Lero lokha. Mukandikonda, iphani mbuzi ija."

Dzoole adadzuka. Amuna ena adati timugwirire miyendo tondeyo. Iye adakana, poopa kuti wina angakhudze chigumbu. Adapita yekha, napanikiza tonde ndi bondo, nasolola mpeni.

Dzuwa lidawala pa mlombwa uja. Anthu onse adati, "Eeee!"

Mukadamuona Dzoole! Chifuwa chidatukumuka.

Tonde adanong'ona, "Kwezani m'mwamba, mbuyanga. Akumbuyo sakuona."

Adakweza.

"Kwezaninso. Zunguzani pang'ono, atsibweni aone mbali inayo."

Adakweza, adazunguza. Dzanja lili ndi thukuta, chigumbu chili ndi mafuta. Mpeni udangoti tereee, ngati mlamba m'manja mwa msodzi. Udauluka, udatsika, udagwera pachingwe chomangira tonde. Chingwe chidangoti dwe!

Ndicho chinthu choyamba chimene mpeni uja udadula.

Tonde sadatsanzike. Adaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, kudumpha mphika, kudutsa pakati pa alendo, ulendo wa kuthengo. Galu waulesi uja adangomuperekeza ndi maso.



Atsibweni adatuma munthu kuti awatolere mpeni. Adaugwira ndi nsalu, adautembenuza uku, adautembenuza uku.

"Ndayenda ine," adatero, "koma chigumbu chokongola chotere sindinachionepo."

Dzoole adamwetulira mpaka mano a m'mbali. Za mbuzi adaiwala, za mlandu adaiwala.

"Nanga chitsulochi mudachitenga kuti, akamwini?"

"Ndi khasu lakale la amayi."

"Mafutawa?"

"A mayi a kunyumba."

"Nanga nsima imene munkadya popala?"

Dzoole adayang'ana pansi.

"Ndiye kuti mpeniwu ndi wa pamudzi pano," adatero atsibweni. "Mpeni utsale. Inu pindani mphasa yanu, dzuwa likadalipo."

Alendo adadyera nkhwani tsiku limenelo. Nachisale sadadye. Adalowa m'nyumba, nalira mpaka mawu adasasa. Pa nthano yonseyi, ine amene ndimamumvera chisoni ndi ameneyo.

Dzoole adapinda kamphasa kake, nanyamuka. Akudutsa pakhomo pa apongozi, adamva phokoso. Kwecha, kwecha, kwecha.

Adacheuka. Mayi aja adali atakhala pansi, akukwecha chigumbu chija pamwala wa mphero. Adachikanda, adachikanda, mpaka kufiira konse kudatha. Adachikulunga ndi luzi, natenga dzungu, nalibaya. Dzungu lidang'ambika pakati.

Tsono poti upongozi udali utatha, adamuyang'ana m'maso koyamba.

"Tsopano ukugwirika. Muyende bwino, bambo."

Kunena zoona, kuchotsedwa pamudzi kudamuwawa Dzoole. Koma kwecha-kwecha ameneyo adamuwawa koposa.

Adayenda, adayenda. Atafika patsidya pa dambo, adapeza tonde akudya msipu, kachingwe kali lendelende m'khosi.

Inu mukadatani? Mukadatola mwala. Mukadamugwira, kumukokera kumudzi, mwina atsibweni akadabweza mtima. Dzoole ayi. Adatula mphasa, nakhala pachulu.

"Iwe tonde, wandipasulira banja. Koma zimenezo zisiye. Tandiuza zoona zokhazokha. Chigumbu chija, chidali chokongola eti?"

Tonde adameza udzu wake, osafulumira.

"Mbuyanga, ine za zigumbu sindizidziwa. Mlombwa ndi mpoloni kwa ine ndi chimodzimodzi. Masiku onse aja ine ndinkayang'ana kwakuthwako."

Adatero, nalowa m'tchire.

Mwamva? Kupala chigumbu si mlandu. Palani, kwechani, dzozani, mtima ukondwe. Koma mukafuna kudziwa ngati mpeni watha, funsani wodula nkhwani. Musakafunse mbuzi. Wokutamani kwambiri, muyambe mwaona pamene pali khosi lake.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pomwepa.