Gunvor Adasungitsa Ndege ndi Sitima

Pa bungwe lina lofufuza za kumayiko a ayezi mumzinda wa Tromsø, chipinda chodyera chidali pakati pa makomo awiri. Khomo lakumanja lidali la asayansi, lakumanzere la anthu a zamtengatenga, aja oona za sitima, ndege, mafuta ndi matenti. Nthawi ya nkhomaliro onse ankatulukira m'menemo, aliyense ndi kaphukusi kake ka buledi ndi tchizi, n'kukhala ena uku ena uko ngati munthu ndi apongozi ake. Chowakumanitsa chidali ketulo ya khofi basi.

Gunvor Lyngmo adali katswiri wa ayezi, mayi wa imvi mbuu. Nzeru adali nazo, zimenezo palibe angatsutse, koma mtima udali wapachala. Ntchito yake idali kuboola phiri la ayezi pachilumba china kumpoto kwa zilumba za Svalbard, kutali kutsidya kwa nyanja, ndi kutulutsamo zidutswa zazitali ngati minsi. M'minsi imeneyo mumakhala timpweya ndi fumbi la zaka mazanamazana, ndipo odziwa amawerengamo momwe nyengo inkakhalira kalelo. Tsono phirilo lidayamba kusungunuka pamwamba chaka ndi chaka, madzi n'kumalowa pansi kukafafaniza zonse. Chaka chimenecho chidali chomaliza choti munthu angapezemo kanthu kowerengeka, komanso chomaliza cha Gunvor asanapume pantchito.

Kuboola kokha si nkhani. Nkhani ndi kuichotsako minsiyo isanasungunuke ndi kuifikitsa mufiriji ku Tromsø. Apa ndiye pankafunika Halvard Brox, mkulu wa zamtengatenga. Awiriwa adagwira ntchito limodzi kuyambira asanamere imvi, ndipo sadagwirizanepo ngakhale pa kakomedwe ka khofi.

Kumeneko sitima ndi imodzi, helikopita yake ndi imodzi, koma ofuna thandizo ndi ambiri, ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Choncho asayansi ndi a zamtengatenga amakhala patebulo limodzi mu Januwale ndi mu Malichi, aliyense n'kunena poyera zomwe akufuna. Lamulo la patebulopo ngakhale wobwera dzulo amalidziwa: amene ali ndi njira ina yotulukira amapita kumapeto kwa mzere, kuti wopanda pothawira athandizidwe poyamba.

Pamsonkhano wa mu Januwale, Halvard adalengeza kuti sitima ndi helikopita yake zidzafika kwa Gunvor kumapeto kwa Meyi.

“Kumapeto kwa Meyi?” Gunvor adamenya tebulo mpaka makapu kulira. “Iwe Halvard, ukuganiza kuti ndikukakumba mbatata? Ndi ayezi ameneyo! Masiku ano kumatentha msanga, ndikuuze kangati?”

“Nanga nyanja ndiitsegule ndi mano?” adayankha Halvard, nkhope ili gwa. “Sitima singayandikire chilumba chakocho ayezi wa panyanja asanagawanike. Ndipo tsiku limenelo ndachita kukanganirana ndi anthu kuti ndikupezere.”

“Ndiye ndikuombere m'manja? Chaka chatha unanditumizira mafuta mochedwa, tinangokhala m'tenti kuyang'anana ngati akadzidzi. Inu a khomo lakumanzere mumayesa ife tilipo kuti masitima anu akhale ndi chonyamula.”

“Inunso mumayesa helikopita ndi takisi.”

Gunvor adatsonya, adatola chikwama chake n'kutuluka, chitseko phwa! Msonkhano udapitirira iye kulibe.

Tinene zoona, mayiyu adali ndi mfundo. Kumapeto kwa Meyi kudali kochedwa ndithu. Akadakhala pansi n'kulimbana nazo patebulo pomwepo, pamaso pa onse, mwina wina akadasinthana naye tsiku. Koma wopsa mtima mpando umamuwotcha. M'malo mwake adakadzitsekera muofesi n'kuimbira foni Detlef Ahrens, yemwe ankayang'anira kandege kotera pachipale chofewa ka bungwe lina la ku Jeremani. Pempho lotere limayenera kudzera patebulo, kuti a zamtengatenga a mayiko awiriwo amvane okhaokha. Gunvor adadzera kuseri.

“A Pulofesa Lyngmo,” adatero Detlef, “ndege yathu ikhala ikuuluka chakumeneko kumayambiriro kwa Meyi. Mpata ukapezeka tikhoza kutera pamsasa panu. Koma ndifunse kaye. Ife tikalephera, muli ndi njira ina?”

Abale inu, matama! Gunvor sadafune kuti Mjeremani amuone ngati wopemphetsa. “Aa, musadere nkhawa, a Ahrens. Sitima yathu ikubwera kumapeto kwa mwezi. Ndangofuna kuti zifulumire.”

“Chabwino, ndamva,” adatero Detlef.

Mawa lake pankhomaliro, Gunvor adadikira kuti chipinda chidzaze, kenaka adakweza mawu kuuza mnzake wokhala naye pafupi kuti minsi yake inyamulidwa ndi ndege ya Ajeremani kumayambiriro kwa Meyi. Ankauza mnzakeyo, koma maso adali kugulu lakumanzere.

Halvard adaika kapu pansi. “Zatsimikizika zimenezo?”

“Zatsimikizika. Kunjaku kuli anthu odziwa ntchito, osati ongotenthetsa mipando.”

Mumtima mwake Gunvor ankangoseka. Ndege m'thumba lino, sitima m'thumba linalo. Ikalephera iyi, ibwera iyo. Kupatula apo, sitimayo sadaikane ndi pakamwa pake, ndiye ndani angayerekeze kuikhudza?

Msonkhano wa mu Malichi sadapiteko n'komwe. Adati alibe nthawi yomvera nyimbo zakale. Utatha, Halvard adabwera kudzagogoda pakhomo la ofesi yake.

“Gunvor, tsegula. Pali nkhani ya sitima.”

“Sitima yakoyo ukakwere ndi agogo ako!”

“Ndikuti tsegula, mayi iwe!”

“Ndatanganidwa.”

“Zako izo!” adakalipa Halvard, n'kumapita akulalata m'khonde monse. Nayenso, munthu wamkulu ndi ndevu zake, sadabwererenso. Anthu awiri okalambira pantchito imodzi, wina mkati wina kunja kwa chitseko, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kugonja. Zopsetsa mtima zedi.

Mu Epulo Gunvor adanyamuka ndi Aslak Somby, wasayansi mnzake yemwe adataya zaka zambiri pantchito yomweyi. Atafika ku Svalbard, adawoloka nyanja youma gwa ndi ayezi pa njinga zamoto za pachipale, akukoka katundu wawo kumbuyo. Njira imeneyo ndi yopitira yokha, chifukwa dzuwa likakwera ayezi wa panyanja amang'ambika. Pamwamba pa phirilo adamanga matenti, n'kuyamba kuboola. Ntchito idayenda bwino kuposa zaka zonse. Munsi uliwonse ukatuluka ankauika m'bokosi, mabokosiwo n'kuwasanja m'dzenje lalikulu lomwe adakumba m'chipale. Tsiku lomwe adatulutsa munsi wapansi penipeni, woyera ngati galasi, Gunvor adaukumbatira ngati khanda, ndipo Aslak adamuona akuseka koyamba chaka chimenecho.

Meyi adalowa. Kumwamba kudali zii. Gunvor adadikira, khutu lili kumwamba, mpaka adatenga foni ya setilaiti n'kuimbira Detlef.

“Pepani kwambiri, a Pulofesa,” adatero Detlef. “Mpata womwe unatsala tinaupereka kwa gulu la ku Denmark. Iwowo analibe njira ina iliyonse. Inu munandiuza kuti muli ndi sitima, ndipo lamulo mukulidziwa. Ndege yabwerera kale kwathu kukakonzedwa.”

“Munandilonjeza!”

“Ndinati mpata ukapezeka.”

Gunvor adadula foni. Adawatukwana Ajeremani onse, amoyo ndi akufa omwe. Mtima utatsikako pang'ono, adaimbira Halvard.

“Halvard, sitima ija ifulumire. Kuno kwayamba kufunda.”

Halvard adadabwa. “Sitima iti?”

“Usandiseweretse iwe! Ya kumapeto kwa Meyi.”

“Gunvor, sitima ili kutali kumadzulo, pafupi ndi Greenland, ndi gulu la ku Poland. Masiku ako tinawapatsa iwo pamsonkhano wa mu Malichi. Unanena wekha pamaso pa anthu kuti ndege yatsimikizika.”

“Sindinaikane ine sitimayo!”

“Lamulo linakukanira! Ndinabwera kudzakuuza, unandituma kwa agogo anga!”

“Ndiye munthu ukagogoda kamodzi basi ntchito yatha? Mbuzi ya munthu iwe! Wandiphera ntchito ya moyo wanga wonse chifukwa cha kaduka!”

“Kaduka? Ine ndikuchitire kaduka iwe? Ukadafika patebulo ukadamva ndi makutu ako!”

Adalalatirana mpaka batire kutsala pang'ono kutha. Pomaliza Halvard adati ayesetsa kubweza sitimayo, koma singafike Juni asanalowe.

Aslak adamva zonse, poti m'tenti mulibe chinsinsi. Adali munthu wosalankhulalankhula, koma tsiku limenelo maso adafiira.

“Ndimve bwino,” adatero. “Mjeremani unamuuza kuti uli ndi sitima. Halvard unamuuza kuti uli ndi ndege.”

“Ndimafuna kuti tikhale otetezeka mbali zonse.”

“Otetezeka? Mabokosi amenewo si ako wekha, Gunvor! Zala zanga izi zinafa dzanzi paphiri lino. Ana anga akula ine ndili kuno. Iwe n'kutenga zonsezo kukabayira Halvard pankhomaliro, osandiuza ngakhale liwu limodzi!”

Gunvor adatuluka m'tentimo n'kupita kudzenje kukayang'ana mabokosi.

Patangopita masiku ochepa mphepo idatembenuka, n'kuyamba kuwomba kuchokera kummwera, yofunda ngati mpweya wa m'kamwa. Kenaka mvula. Mvula yeniyeni, pamwamba pa phiri la ayezi, mu Meyi! Chipale chidasanduka phala. Madzi adayamba kulowa m'dzenje muja, poyamba modontha, kenaka ngati ngalande. Awiriwo adakapa ndi zidebe, adakumba dzenje lina, adagwetsa tenti yawo yogona n'kufunditsa mabokosi. Ankagwira ntchito osalankhulana, aliyense mano ali gwa. Gunvor ankatukwana mvula, kutukwana Halvard, kutukwana Detlef, koma dzina lomwe linkamuwawa kwambiri, lake lomwe, sankalitchula. Akanyamula bokosi ankamva madzi akukhutchumuka mkati.

Madzi atafika m'mawondo ndipo pogona palibenso, Halvard atamva pafoni adawaitanira helikopita yopulumutsa anthu. Woyendetsa wake adanena mosapsatira kuti wabwera kudzatenga anthu awiri, osati katundu, chifukwa ulendo ndi wautali ndipo mafuta ndi oyeza.

“Bokosi limodzi lokha, bambo! Chonde, limodzi!” Gunvor, yemwe sadachondererepo munthu chikhalire, adachita kugwira mkono wa woyendetsayo.

“Mayi, kwerani kapena nditseke chitseko.”

Gunvor adathamangira kudzenje, adasolola munsi wapansi penipeni uja, adaukulunga m'thumba lake logonamo, n'kukwera ataufukata. Helikopita itanyamuka adayang'ana pansi. Mabokosi adali ndandanda m'thamanda, ena atayamba kuyandama.

Ku bwalo la ndege la Longyearbyen, tauni ya ku Svalbard, adapeza Halvard akudikira. Mkuluyo adachita kuuluka kuchokera ku Tromsø, ndipo adali atabwereka kagalimoto ka firiji, kali chilire pambali pake, chitseko chili chotsegula. Gunvor adatsika osamuyang'ana. Adagoneka thumba lija pansi pafupi ndi kagalimotoko n'kulimasula pang'onopang'ono. Munsi uja udali utadyeka kale ndi mvula usanakwere n'komwe. Udangophwanyika m'manja mwake n'kukhala phala, madzi ake n'kuyenderera pasimenti mpaka ku nsapato za Halvard.

Halvard adayang'ana madziwo pansapato zake. Adapita kutsogolo n'kukazimitsa firijiyo. Aslak adasenza chikwama chake n'kuwadutsa onse awiri osatsanzika.

Gunvor adakhalabe chogwada pamenepo, manja ali nyowee. Phiri lija silidzaperekanso minsi ina, ndipo iye sadzakwerakonso. Ndege idalipo, sitima idalipo, anthu ofuna kumuthandiza adalipo mbali zonse ziwiri. Akadagwira chimodzi n'kuchinena poyera patebulo, chikadamunyamula. Iye adafuna kubisala konsekonse, ndipo mvula idamupeza ali pakati. Paja akuluakulu adanena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa.