Dzina la Nachisale m'Kaundula wa Alangizi

Kalekale, koma osati kale la makolo lija ayi, kale la dzanadzanali mafoni atafika kale m'manja mwa aliyense, kudera la Chinamwali kunali mayi wina dzina lake Nachisale. Munda analibe. Anali ndi kampata kuseri kwa nyumba ya lendi, momwe anandandalika matumba akale a feteleza ndi mabeseni obooka, n'kudzalamo mpiru, bonongwe, anyezi ndi tomato. Odutsa ankaima n'kumasuzumira pampanda. Wina akadandaula kuti masamba ake achita chikasu, Nachisale ankasiya zochapa n'kupita kukaona, ndipo pochoka ankasiyako mbande ziwiri zitatu osanena kanthu.

Tsiku lina anamva kuti pa intaneti pali kaundula wa alangizi a madimba, momwe anthu a m'tauni ofuna kulima ndiwo pakhomo amafufuzamo wowaphunzitsa. Eni kaundulayo ankafuna zinthu zitatu: fomu yodzaza pa foni, chithunzi cha dimba la wolowayo, ndi umboni wa munthu amene anaphunzitsidwapo naye. Analinso ndi lamulo lakuti amene wakhalamo chaka amaloledwa kulowetsa munthu mmodzi yekha womudalira, ndipo wolowetsedwayo akalakwa, maina onse awiri amafufutidwa. Nachisale anali ndi ana atatu a sukulu. Mwamuna wake anapita ku Joni kalekale, mawu ake n'kumamveka mwa apo ndi apo. Dzina lake likanalowa m'kaundulamo, luso la m'manja mwake likanadyetsa anawo. Koma kafoni kake kanali ka mabatani.

Woyamba kumuthandiza anali mlamu wake Esinati, mchemwali wa mwamuna wake. "Khalani apa alamu, ine ndizilemba, inu muzingoyankha," anatero. Anakhala pakhonde masana onse, netiweki ikumathawa, fomu n'kumayambiranso, koma Esinati osadandaula. Pofika polemba nambala ya foni, analembapo yake. "Yanuyo silandira zithunzi. Akaimba ndizikuuzani." Nambala yachinsinsi yolowera anaisunganso iye. Ndipo ankamuuzadi mauthengawo. Tsiku lina anayenda wapansi kuchokera ku Matawale, mvula ili pamsana, kudzangonena kuti mayi wina akufuna mlangizi Loweruka. Koma patapita miyezi, mayi amene Nachisale sanalankhulepo naye anamugwira dzanja pamsika. "Phulusa munandiuza pa foni lija lathetsadi nsabwe pa mpiru wanga." Nachisale anangomwetulira. Atakamufunsa mlamu wake za nkhaniyo, Esinati anaseka. "Nanga ndikanatani, munthu akulira pa foni? Ndinangobwereza zomwe mumanena inu. Kodi ndinalakwitsa?" Sanalakwitse ayi. Koma anayankha angati m'dzina lake, ndipo ndi angati amene sanafike kwa iye?

Wachiwiri anali a Kamwendo, oyandikana nawo nyumba, amene anapuma pantchito ya ulonda. Ulimi wa m'matumba anawaphunzitsa Nachisale, ndipo anaugwira kuposa aliyense. Kutatsala masiku awiri kuti chithunzi chijambulidwe, mbuzi inalowa m'kampata muja n'kusiya mapesi okhaokha. Nachisale anakhala pansi n'kulira ngati pamaliro. A Kamwendo anabwera chipewa chili m'manja. "Pukutani misozi, amake Mwayi. Kajambuleni dimba langa. Manja anabzala ndi anga, koma nzeru zake ndi zanu." Mawa lake anadula nsungwi zawo, n'kukonza mpanda wa Nachisale dzuwa lili pamutu, ngakhale madzi akumwa anakana kuti asamuvutitse. Zonsezo Nachisale anaziona ndipo anathokoza. Anaonanso kuti pojambula, bamboyo anaima kumbuyo kwake atanyamula kheni yothirira, kotero kuti oona chithunzicho anayamba kuwaitana pamsewu kuti alangizi. Ndipo mbuzi ija inali ya a Kamwendo omwewo. Anati chingwe chinaduka. Nachisale anachiona chingwecho chili pamtengo, koma sanathe kudziwa ngati chinaduka chokha kapena chinathandizidwa.

Wachitatu anali Mai Chisuse, mphunzitsi wa pulayimale, mnzake wa kutchalitchi. Nawonso anaphunzirako za dimba kwa Nachisale, ndipo ndiwo analemba umboni, Chingerezi chawo chosalala ngati cha pa wailesi. Sanalekere pomwepo. Anauza aphunzitsi anzawo onse, ndipo anthu asanu oyamba amene anamulipira Nachisale kuti awaphunzitse anachokera kwa iwo. Mwayi atadwala malungo, anali Mai Chisuse amene anamubereka kupita naye kuchipatala, mayi wake ali kophunzitsa. Koma umboni uja, Esinati atamumasulira, Nachisale anagwira pakamwa. Munalembedwa kuti anaphunzira zaulimi kukoleji.

"Ine kukoleji? Ndinalekezera Fomu 2 ine!"

"Anthu a m'tauni amakhulupirira pepala, amwali," anatero Mai Chisuse. "Ndangothira kamchere. Kodi amene anapita kukolejiwo amakuposani?"

Nachisale anafuna kuti mawuwo achotsedwe. Koma anthu anali atayamba kubwera, ana akupita kusukulu atadya, ndipo anati adzakonza mawa. Mawalo silinafike. Chinanso n'chakuti Mai Chisuse ulimi sunawalowe. Ankathira manyowa a nkhuku osawola, mbande n'kupsa, iwo n'kumati mbewu za masiku ano n'zachabechabe.

Chaka chinatha. Dzina la Nachisale linali litamveka, ndipo eni kaundula anatumiza uthenga kuti tsopano akhoza kulowetsa munthu wake mmodzi. Uthengawo unafikira pa foni ya Esinati. Momwe enawo anaumvera, palibe akudziwa, koma Loweruka m'mawa onse atatu anapezana pakhonde pa Nachisale, aliyense atanyamula kanthu: wina shuga, wina dengu la tomato, wina buku lolembamo. Nachisale anawayalira mphasa, n'kupereka mpando kwa a Kamwendo, n'kumayang'ana mphatsozo ngati zili ndi minga.

"Alamu, chibale ndi fupa, sichiola," anayamba Esinati. "Chaka chonse ndakhala khutu lanu ndi pakamwa panu. Ntchitoyi ndaidziwa."

"Kudziwa kwa pa foni?" anatero a Kamwendo. "Gwirani khasu tione, mwana wanga. Zikhadabo zopaka utotozo zikhala?"

"Bola zikhadabo zanga sizidya mpiru wa anthu ngati mbuzi zina."

A Kamwendo anatsokomola. "Amake Mwayi, inu mukudziwa dimba limene lili pachithunzi paja. Ine sindidzakuchititsani manyazi pamaso pa munthu."

Mai Chisuse anayankhula motsitsa. "Ine sindikangana ndi munthu. Ndipuma pantchito chaka chino, ndipo kuphunzitsa ndiye moyo wanga. Zamanyowazo mundionetsanso, ndigwira. Amwali, ine ndi inu tachokera kutali."

Palibe amene anaopseza. Onse anamwa tiyi, n'kuyamikira tomato wa m'beseni, n'kutsanzika mwaulemu. Koma atachoka, Nachisale anakhala pamphasa paja, makapu osatsuka, n'kumasinkhasinkha. Akamukana Esinati, foni ndi nambala yachinsinsi zili m'manja mwake. Akhoza kungosiya kupereka mauthenga, osanena ngakhale liwu loipa. Akawakana a Kamwendo, akhoza kungotchula penapake kuti dimba la pachithunzi si la Nachisale. Akawakana Mai Chisuse, iwo ndi amene akudziwa za koleji yosakhalako ija. Ndipo akamulowetsa mmodzi, ndiye kuti wamangirira dzina lake, ndi chakudya cha ana ake, kwa munthu amene anayankhapo anthu m'dzina la mwini, kapena amene mbuzi yake inamasuka pa nthawi yoyenera, kapena amene bodza amalitcha mchere.

Kenaka anadzidzudzula yekha. Anakumbukira Esinati atanyowa chinyowere pakhomo pake, akunjenjemera koma akuseka. Anakumbukira thukuta la a Kamwendo pansungwi zija, ndi Mwayi ali kumsana kwa Mai Chisuse. Mwina onsewo anali anthu abwino basi, ndipo woipa anali mtima wake wokayika. Mwinanso ayi. Eni kaundula anamupatsa sabata imodzi kuti atumize dzina, ndipo ngakhale dzinalo linayenera kudutsa pa foni ya mlamu wake.

Ine nkhaniyi ndaifikitsa pamene ndinaimvera, sindiwonjezera. Inu amene mwamva, tandiuzani: Nachisale alowetse ndani, wam'banja wogwira foni, mlimi weniweni wa mbuzi ija, kapena mnzake amene anamunamizira zabwino? Ndipo akasankha, asankhe pothokoza amene anamuchitira chifundo chachikulu, kapena poopa amene angamupweteke kwambiri?