Supuni ya M'thumba

Malowo analibe chikwangwani. Anali kuseri kwa depoti ya mabasi, pakati pa telala ndi wowotcherera zitsulo. Matebulo anayi, benchi imodzi yopendekeka, zenera lotulutsa nthunzi. Njala ikawawa, anthu ankangoti, "Tiyeni kwa a Supuni."

Dzinalo linachokera m'thumba la shati. Mwini malowo ankayenda ndi kasupuni mmenemo, monga kalaliki ndi cholembera chake. Sikelo analibe. Kapu yoyezera analibe. Msuzi ukawira ankasolola supuni ija, kutunga pang'ono, kuuzira, kutsinzina, n'kulawa. Akagwedeza mutu kamodzi, ndiye kuti mbale zibwere. Zaka makumi awiri ndi zisanu, lilime lomwelo. Akazi awo ankadula anyezi, kutsuka mapoto, kuperekera chakudya. Koma kulawa ayi.

"Poto mmodzi, lilime limodzi," ankatero a Supuni. "Malilime awiri amayambanitsa mchere ndi madzi."

Chaka china nyengo yozizira inabwera ndi chimfine choopsa. Chinawagoneka a Supuni sabata yathunthu. Atadzuka, chifuwa chinali chitapola, miyendo ili ndi mphamvu. Tsiku loyamba kubwerera pamoto anaika supuni pakamwa, natsinzina. Anadikira. Panalibe kanthu. Kutentha kokha, ngati madzi osamba. Anawonjezera mchere, nalawanso. Zii. Ananyambita mchere weniweniwo pachikhatho, unali ngati mchenga. Anaweramira anyezi amene ankapsa m'mafuta, mphuno osamva kalikonse.

Anacheuka. Akazi awo anali chowerama pa beseni, akuimba motsitsa. Apa ndi pamene a Supuni akanaulula. Koma munthu amene dzina lake lakhala pa lilime, lilimelo likafa atchedwa ndani? Anagwedeza mutu kamodzi, monga mwa masiku onse, n'kubweza supuni m'thumba.

Woyamba kuzindikira anali dalaivala wa basi ya maulendo ataliatali, munthu wamimba yake, woseka ndi thupi lonse. Anayamba kudya pamenepo adakali kondakitala.

"Madala, mchere watsika mtengo kodi?" anafunsa, akupapira madzi. "Kapena mwatulukira mgodi kuseriku?"

Anthu anaseka. A Supuni anasekanso, koma mano okha. Mawa lake dzanja linaopa mchere.

"Lero ndiye mwatiphikira za odwala," anatero telala. "Tauzeni, tagonekedwa wodi iti?"

Madzulo, akupukuta matebulo, akazi awo anayesa. "Bambo, bwanji mawa ndilaweko?"

"Mwayamba liti zimenezo, mayi?"

"Ndimangoti mwina chimfine chija..."

"Chimfine chinatha. Onani za mbale."

Anayamba kuphika ndi mutu. Ankawerenga mchere ndi zala, katatu poto wamkulu, kawiri wamng'ono. Koma tomato wa lero si wa dzulo. Wina amabwera wowawasa, wina wamadzimadzi. Dzanja limadziwa kuchuluka, kukoma silidziwa. Mbale zinayamba kubwerera zosatha. Wowotcherera uja anayamba kudutsa pakhomo atanyamula buledi wa m'golosale, maso ali kumbali. Matebulo anayi aja anasanduka ambiri, odya atachepa.

Iwo eni anaonda. Chakudya chilichonse chinali ngati pepala lonyowa. Nyama, pepala. Nthochi, pepala. Ankameza kuti asagwe, basi. Amene sanalawepo moyo wotere sangaumvetse: kuima tsiku lonse pakati pa nthunzi, anthu akumeza malovu, iwe uli ngati wogontha paphwando. Komabe masana aliwonse ankasolola supuni, kuuzira, kutsinzina, kugwedeza mutu.

Dzuwa litayamba kutentha, magetsi anathima tsiku lathunthu. Mufiriji munali poto wa msuzi wa mafupa, wophika dzulo lake. M'mawa mwake akazi awo anapita kumsika kukagula masamba. A Supuni anatulutsa poto uja, namuteleka pamoto. Utawira analawa. Anagwedeza mutu, ngakhale munalibe wowaona.

Dalaivala anafika mofulumira, makiyi m'manja. "Madala, ndipatseni chilichonse chotentha. Ndikunyamuka pompano."

Anamuikira mbale yodzaza ndi buledi pambali. Supuni yoyamba itafika pakamwa, dalaivala anaima kaye. Anakweza maso.

"Mwasintha kaphikidwe?"

"Idya, iwe. Basi ikusiya."

Anadya. Anamaliza mbale yonse, napukuta ndi buledi, n'kuthamanga.

Mayi aja anaima pakhomo, dengu lili pamutu. Anakwinya mphuno. "Chasasa n'chiyani muno?" Anatula dengu, naviika chala m'poto, n'kulavulira m'beseni. Kenako anaona mbale yopanda kanthu patebulo. Anayang'ana amuna awo. Kudepoti kuja basi inali itatuluka kale.

Dalaivala anabwera patatha masiku anayi. Lamba anali atamuboola bowo latsopano. Anakhala pa benchi yopendekeka ija, osaitanitsa kanthu. Anafotokoza mosakweza mawu. M'mimba munatsegula, anaimitsa basi kasanu panjira, anthu makumi asanu ndi limodzi akumutukwana pamawindo. Kachisanu ndi chimodzi miyendo inakana. Anamunyamulira kuchipatala, nagona pa diripi. Bwana wake anati anali ataledzera. Basi anapatsa wina.

"Madala, ine ndinamva kuti msuzi uja wasasa," anatero. "Ndinamva ndithu. Koma ndinati, lilime langa ine lingapose la a Supuni? Ndinadzikayikira ndekha."

Akanatukwana zikanakhala bwino.

Dalaivala atachoka, mayi aja anakankha chitseko, ngakhale dzuwa linali likadali pamutu. Anathira tiyi m'kapu, naika patsogolo pa amuna awo.

"Imwani."

Anamwa.

"Ali bwanji?"

"Ali bwino. Ngati wa masiku onse."

"Mulibe shuga mmenemo. Mwezi wachitatu uno ndikukupatsani tiyi wopanda shuga. Inu, bambo, amene munkabweza kapu chifukwa cha theka la supuni."

A Supuni anayang'ana m'kapumo. "Ndiye munkadziwa."

"Ndinkadikira kuti munene nokha. Ndinati ndisakuvuleni ulemu. Onani komwe kudikira kwanga kwamufikitsa mwana wa eni ake. Inenso ndili ndi mbali yanga."

"Ndinkaopa, mayi." Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Popanda lilime, ine ndine ndani pano?"

"Kodi ine ndinakwatiwa ndi lilime?"

A Supuni anafuna kuseka, koma m'maso munadzaza misozi. Anapisa dzanja m'thumba la shati. Supuni ija inali yotentha ndi thupi lawo, chogwirira chitaperepeseka ndi zala. Anaiika patebulo, naikankhira kwa akazi awo.

Tsiku lomwelo a Supuni anavala jekete, napita kwa bwana wa mabasi. Anaima m'ofesi, chipewa m'manja, makondakitala akumvetsera pakhomo. Ananena zonse: chimfine, lilime, firiji, msuzi. Pofika madzulo depoti yonse inali itadziwa kuti a Supuni salawanso. Chimene anabisa miyezi itatu chinayenda ola limodzi. Anadabwa kuona kuti akupumabe.

M'mawa mwake anaima awiri pamoto. Mayi aja anatunga, nauzira, nalawa.

"Ukusowa kanthu."

"Kanthu kanji? Ukuluma kapena wagona?"

"Wagona."

"Kutsogolo kwa lilime kapena kukhosi?"

"Iii bambo, mafunso ngati kupolisi. Kukhosi."

"Ndiye si mchere. Finyirani theka la ndimu."

Anafinyira, nalawanso. Anatsinzina. Anagwedeza mutu kamodzi.

"Mpaka kugwedeza komwe mwandibera?" anatero a Supuni.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikutsuka mapoto anu. Mumayesa chipande ndinkachitsuka osanyambita?"

Kuchipatala anawauza kuti lilime likhoza kubwerera, likhozanso osabwerera. Wowotcherera uja sanabwerenso, anazolowera buledi wake. Telala anabwera, nati akungoyesa, koma anapempha zowonjezera. Dalaivala anamubwezera basi patatha milungu iwiri. Tsiku limene anatulukiranso, anaima pakhomo osalowa.

"Walawa ndani lero?"

"Mayi," anayankha a Supuni.

"Ndiye bweretsani mbale yaikulu. Lamba uyu akundichititsa manyazi."

Mpaka lero, ukadutsa kuseri kwa depoti ija masana, umva mwamuna akufunsa ndipo mkazi akuyankha. Supuni imakhala m'thumba la epuloni ya mayi. Dzina lokha linatsala kwa bambo. Lilime lothandiza linali pomwepo nthawi yonseyi, mapazi atatu kuchokera pamoto, likungodikira funso. Uchi ndi phula zimakhala m'chisa chimodzi, ndipo akulu sananame: safunsa anadya phula.