Mkamwini pa Chiwongolero

Panali mkamwini wina amene ankagwira chiwongolero cha sitima ya katundu pa nyanja yamchere. Kaputeni wa sitimayo anali apongozi ake, bambo a mkazi wake, ndipo ndiwo anamupezera ntchitoyo.

Panjira pawo panali chilumba chozunguliridwa ndi matanthwe amoyo, aja amamera pansi pa madzi, momwe nsomba zimaswerana. Boma linaletsa sitima kudutsa pamenepo. Asodzi a pachilumbapo, ngakhale chaka cha njala, sankaponyapo ukonde.

Tsiku lina masana, ulendo utachedwa, apongozi aja analoza ndi chala pamalo oletsedwawo nati, "Tidulire apa. Madzi adzaza, tidutsa."

Mkamwini anayang'ana kutsogolo. Madzi akuda aja anali atayamba kumbuwa, ndipo iye ankadziwa kuti zikatero pansi pali pafupi. Koma kwawo mkamwini satsutsa mpongozi pamaso pa anthu, ndipo antchito onse anali pomwepo. Anatsokomola. Apongozi sanacheuke.

"Bambo, kaya madziwa mukuwaona bwanji?" mkamwiniyo anafunsa motsitsa mawu, maso ali pansi.

"Madzi ndi madzi. Tiyeni nazo."

Kungopotoza chiwongolero pang'ono kukanakwana. Koma anaganiza za mkazi wake, ndi za mbiri imene ikafike kumudzi, yoti mkamwini uja ndi wamwano. Anachita mantha, ndipo dzanja silinasunthe.

Sitima inangoti khu! Inakwekwereza mimba yake pa matanthwe aja, nkumawaphwanya ngati mbale zadothi, mafuta akutayikira m'madzi. Asodzi anafika ndi mabwato awo, nayang'ana matanthwe ophwanyikawo.

Apongozi anatembenukira kwa mkamwini wawo. "Kodi inu munaona?"

"Ndinaona, bambo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimakupatsani ulemu."

Mkuluyo anakhala pansi, manja ali kumutu. "Ulemu wanuwo mwandipha nawo."

Inu amene mukundimvera, ulemu sindikuukana ayi, inenso ndinaleredwa nawo. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Mukaona wamkulu akulunjika pamwala, musatsokomole, fuulani. Akakwiya mudzapita mawa ndi nkhuku kukapepesa, nkhani idzatha. Nanga matanthwe aja mudzawapepesa ndi chiyani? Adzukulu a asodzi aja adzamera imvi matanthwewo asanamerenso.