Liwiro Loyesedwa M'nyengo Yachisanu

Panali munthu wina, pa tauni ina yaing'ono ya m'mbali mwa msewu, amene ntchito yake inali yojambula maukwati ndi zinkhoswe. Loweruka ankayenda ndi kamera. Masiku enawo ankakhala pa kompyuta, kudula ndi kulumikiza zomwe wajambula mpaka vidiyo ioneke bwino. Kashopu kake kanali ka malata, kopanda siling'i. Ankagwiramo ntchito ndi mchemwali wake wamkulu, amene ankalandira makasitomala, kuchita fotokope ndi kusindikiza zikuto za mavidiyowo.

Kompyuta yawo inali ya patebulo, yakale, yogula kwa munthu. M'kati mwake munali purosesa, kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene kamawerengera ntchito yonse ya makinawo. Purosesa imeneyi inali ya mbali ziwiri. Ganizirani ng'ombe ziwiri pa goli limodzi: katundu akabwera, zimagawana. Koma zinali ng'ombe zoyenda mwaulemu. Kudula kukatha, makina ankayenera kumanga vidiyo yonse pamodzi. Ntchito imeneyi mwiniwake ankaitcha kuphika, ndipo inkadya theka la tsiku.

Munthuyu anali wachidwi chibadwire. Ali mwana anamasulapo wailesi ya bambo ake kuti aone kumene mawu amagona. Ndiye tsiku lina anamva kuti opanga mapurosesa amasiya mpata. Liwiro limene amaika si pothera pa mphamvu yake, ndipo munthu angathe kulikankha pang'ono. Anthu a makompyuta amati ovakiloko. Iye ankangoti kukankha.

"Nanga mpatawo anausiyiranji?" anafunsa mchemwali wakeyo.

"N'zimene ndikufuna ndidziwe, achemwali."

"Ukadziwa undiuze. Koma ukaotcha chinthuchi, tonse awiri tikukagulitsa mandasi ku depoti. Beseni udzasenza ndiwe."

Kunena zoona, sanachite mwaphuma. Anatsegula bokosi la kompyuta, n'kuuzira fumbi lonse ndi pampu ya njinga. Kafani kozizitsa purosesa anakayeretsa ndi mswachi wakale. Mafuta otuwa amene amakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo chochotsa kutentha anali atauma ngati dothi la m'chilimwe. Anawapukuta, n'kudonthezapo atsopano, kadontho ngati njere ya mpunga. Kenako analowa mu bayosi, kachipinda ka malamulo a makinawo kamene umalowamo kompyuta ikangoyaka, ndipo anakweza liwiro. Pang'ono chabe. Akakweza, ankayatsa pulogalamu yoyesera, imene imasenzetsa mbali zonse ziwiri masamu olemera. Pa sikirini pankaoneka timazenera tiwiri, kena ka mbali iyi, kena ka mbali inayo, ndi nambala yosonyeza kutentha. Zonse zikakhala bwino, ankakwezanso pang'ono.

Kamodzi kokha mtima unamuthamangira, ndipo anadumpha masitepe angapo. Kompyuta inakana kuyaka. Sikirini bii. Mchemwali wake sananene kuti ndinakuuza. Anangobwera ndi tochi ya pafoni, n'kumuunikira m'bokosimo pamene iye ankachotsa kabatire kozungulira ngati batani la jekete. Kabatire kameneko kakachoka, makina amaiwala zimene wawalamula, n'kubwerera pachiyambi. Atakabwezera, kompyuta inayaka, ndipo anayambiranso masitepe ake aang'ono aja.

Pomaliza anapeza liwiro lomusangalatsa. Analiyesa tsiku lathunthu. Mbali zonse ziwiri zinayenda osapunthwa, kutentha kunali kochepa. Umenewu unali mwezi wa Juni, anthu akuyenda atavala majuzi, m'shopumo zala zikuuma ndi chisanu pa kiyibodi.

Mavidiyo anayamba kupsa msanga. Popeza ankapsa msanga, iye anayamba kulandira maukwati awiri Loweruka limodzi, nthawi zina ndi chinkhoswe cha Lamulungu pamwamba pake. Makasitomala anachuluka, zikuto zinachuluka, odandaula nawo anachuluka, ndipo onsewo ankafikira kwa mchemwali uja. Mchemwaliyo analeka kupita kunyumba masana.

Kenako kunafika Okutobala. Mukudziwa mmene malata amathethekera masana a mwezi umenewo.

M'mawa wina kunabwera mayi amene mwana wake anakwatiwa Loweruka lapitalo. Anakhala pabenchi, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Bambo ake a mwanayu ali kumudzi. Anafa ziwalo mbali imodzi, ku ukwati sanathe kubwera. Achibale akubwerera lero madzulo, ndipo galimoto ndi imodzi yomweyo. Ndimati akaonere mwana wawo. Mmene alilimu, sitikudziwa ngati mvula adzaiona."

"Musadandaule, mayi," anatero munthu uja. "Kudula ndinamaliza dzulo. Kwangotsala kuphika. Makina angawa ndi achangu."

Dzuwa lili paliwombo, vidiyo inapsa. Kompyuta sinazime, sinadandaule chilichonse. Munthu uja anatenga fulashi, kachipangizo konyamuliramo zinthu za pa kompyuta, kuti aikemo vidiyoyo. Koma mchemwali wake anali ndi chizolowezi choonera vidiyo iliyonse isanachoke, ati pofuna kuona masitayilo a madiresi.

"Chimwene, tabwera. Mkwatibwi ameneyu nkhope yake inali yobiriwira?"

Pamalo pamene mkwatibwi anagwada kutsogolo kwa kamera kuti apereke moni kwa bambo ake, nkhope inali itasweka timabokosi tobiriwira. Mawu ankadukaduka. Munthu uja anayang'ana zomwe zinali m'kamera, ndipo zinali zabwinobwino. Ndiye kuti zinawonongeka pophika.

Wina akanatukwana makina. Koma uyu chidwi chake chinaposa mantha ake. Anayatsa pulogalamu yoyesera ija, imene anali asanaikhudzenso chichokere Juni. Nambala ya kutentha inakwera kufika kumene anali asanaionepo. Kazenera kakumanzere kanapitiriza masamu ake mosatekeseka. Kakumanja, pasanapite nthawi, kanaima n'kufiira.

Anayesanso. Kakumanja komweko.

Anayang'anitsitsa timazenerato. Mbali ziwirizi zinapangidwa tsiku limodzi, m'chitsulo chimodzi, koma mphamvu zake sizinali zofanana. M'chisanu kusiyanako kunabisika. M'kutentha, mbali yofookayo inayamba kuphonya masamu, koma sinaime. Inkangopereka mayankho olakwika mwakachetechete, n'kumayesetsa kuyendera limodzi ndi inzake. Kuyambira liti? Sanadziwe.

"Mpata uja ndaiona ntchito yake, achemwali," anatero. "Anausiyira Okutobala."

Tsopano anali pamphambano. Akanatha kuwonjezera mphamvu ya magetsi yopita ku purosesa, ngati mmene munthu amatengera chikwapu ng'ombe ikayamba kutsala. Mbali yofookayo ikanaumirizika kugwira liwirolo. Koma magetsi ochuluka amabala kutentha kochuluka, ndipo chinthu chingathe kupsa osadzadzukanso. Apo ayi, akanatsitsa liwiro, kuphika n'kutalika, galimoto mwina n'kunyamuka yopanda vidiyo.

Anaganiza zotsegula bokosi lija n'kulozetsamo fani ya m'shopumo, kuti liwiro asalitsitse kwambiri. Fani inalipo imodzi yokha. Atatembenuka kuti aitenge, anaona chinthu chimene anali asanachiganizirepo. Chiyambire kutentha, faniyo inkaloza kwa iye, ndipo si iye anailozetsa choncho. Mchemwali wake anali pakona, pafupi ndi makina a fotokope amene amapuma mpweya wotentha. Anali atavula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa, kansalu konyowa kali pakhosi. Apo m'pamene anakumbukira kuti mlungu wapitawo mchemwaliyo, munthu amene sankalakwitsa zinthu, anasindikiza dzina la mkwati wina pa chikuto cha ukwati wa eni ake. Iye anakalipa pamaso pa kasitomala. Sanafunse kuti chachitika n'chiyani.

Ananyamula fani ija, n'kukaiika pakonapo, italoza kwa mchemwali wake.

"Nanga makina ako?" anafunsa mchemwaliyo.

"Makina ndiwatsitsa."

Analowa mu bayosi. Anatsitsa liwiro kufika pamene kazenera kakumanja kanaleka kufiira, kenako anatsitsanso sitepe ina, ya mpata. Anayesa pomwepo, m'kutentha komweko, malata akuthetheka pamutu pake. Timazenera tonse tiwiri tinayenda limodzi. Ndiye anayamba kuphika kachiwiri, n'kumuuza mayi uja zoona: kuti yoyamba yawonongeka, ndipo iyi itenga nthawi.

Mayiyo anayang'ana dzuwa pakhomo.

"Ndiwapempha adikire," anatero. "Koma dalaivalayo si m'bale wathu."

Anadikira. Mchemwali uja anamupatsa madzi, n'kusuntha benchi kuti mphepo ya fani iwafike onse awiri. Anayamba kucheza za diresi la mkwatibwi, kuti anasoka ndani. Mthunzi wa shopu unatambalala mpaka pamsewu. Galimoto inafika, inaliza hutala, inalizanso. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Amayi, kodi ukwatiwo akuumanganso m'menemo?"

"Pepani bambo, pang'ono pokha," anayankha mayiyo, ataimirira pakhomo, thupi lili kunja, maso ali m'kati.

Dalaivala anali atayamba kutembenuza galimoto pamene vidiyo inapsa. Ngakhale apo, munthu uja sanaiponye m'fulashi mothamanga. Anayamba waithamangitsa mpaka pamalo paja. Mkwatibwi anagwada, nkhope yake yathunthu, mawu ake omveka: "Ababa, ndakwatiwa bwino, musade nkhawa." Mayiyo anamanga fulashi kunsonga ya chitenje, n'kuthamangira galimoto.

Akuti kumudziko bambo aja anapempha kuti awabwezere malo amenewo kangapo. Ndipo Loweruka lotsatira munthu uja analandira ukwati umodzi wokha, masana mchemwali wake n'kupita kunyumba kukapuma.

Inu amene mukundimva, kufuna kudziwa kuti chinthu chingathamange bwanji si kulakwa ayi. Kwezani, koma pang'onopang'ono, mukuyesa. Chimene ndikukupemphani n'chakuti liwiro limene munaliyesa kukuzizira mudzaliyesenso dzuwa likaswa mtengo. Ndipo musadikire kuti wofooka akuuzeni, chifukwa ambiri sanena. Amangoyamba kuphonya tinthu tating'ono, mchere m'ndiwo, dzina pa chikuto, uku akuyesetsa kuti asatsale m'mbuyo. Alipo amene muli naye pa goli limodzi, kunyumba kapena kuntchito. Mukamufunsa ngati watopa, akana. Inu lero mukafika, tayang'anani kumene fani yaloza.